Impso Yomwe Ndinalonjeza Mlongo Wanga

Lolemba, 3 Febuluwale

Makilo 99. BP 146/92. M'chiuno masentimita 108, poyeza mayi a kunyumba ndi tepi yawo yosokera.

Ndilembe zoona zokhazokha, monga ndimachitira pa makadi a mabuku kuntchito. Mlongo wanga, Chitsirizira wa m'banja mwathu, impso zake zonse ziwiri zinasiya kugwira ntchito chaka chatha. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu amakakhala pa makina osefa magazi, maola anayi. Zaka 34. Tinabadwa atatu, wapakati ali ndi shuga, ndiye sawerengedwa. Magazi anga ndi ake anagwirizana. Ndinavomera kumupatsa impso imodzi adokotala asanamalize ndi kufunsa komwe.

Adokotala, pa 8 Januwale: "Impso ndi yabwino, koma nyumba yomwe ikukhalamo ndiyo yatidetsa nkhawa." Akufuna makilo 92 ndi BP yotsika pofika pa 30 Epulo. Zikakanika, dzina langa alichotsa, mlongo wanga abwerere pa mndandanda wa odikira. Ndinafunsa kutalika kwa mndandandawo. Ndikanapanda kufunsa.

Kuyambira tsiku limenelo mpaka lero ndachita izi: ndawerenga mabuku anayi ndi nkhani za akatswiri khumi ndi imodzi, zokhudza kuyenda, mchere ndi mafuta a m'thupi. Ndagula nsapato. Ndajambula ndandanda ya masabata khumi ndi awiri, mizere yowongoka ndi rula. Kuyenda: ayi.

Mayi a kunyumba akuti: "A Profesa, mimbayi mabuku anuwo sikuwerenga nawo."

Ndiyamba mawa. Lero tsiku lapita kale.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Sindinayambe. Lachiwiri kunali mvula. Lachitatu ndinapeza cholakwika pa ndandanda: sabata yachinayi ndinalumpha kwambiri, kuchoka pa mphindi 25 kufika pa 40. Ndailembanso yonse, tsopano ndi inki ya mitundu iwiri.

Kulaibulale pampando kuyambira 8 koloko mpaka 4. Mabuku obwezedwa ndawaunjika pa kangolo, kudikira mnzanga wa masana adzawakweze m'mashelefu a pamwamba. Kale ndinkakweza ndekha. Chaka chomwe ndinasiya sindikuchikumbukira.

Madzulo wanjinga yamoto wabweretsa chidebe cha pulasitiki kuchokera kwa Chitsirizira. Zidutswa za keke. Ntchito yake ndi imeneyo, kuphika makeke a maukwati, ndipo akamasalaza m'mbali ndi pamwamba, zotsalazo amatumiza kuno. Wakhala akutero kuyambira kale. Nditaye chakudya chomwe munthu wodwala waphika ndi miyendo yotupa? Ndadya zinayi. Zisanu.

Lamlungu, 16 Febuluwale

99.6.

Sikelo ndaiyika pa simenti, pa kapeti, kubafa. Paliponse 99.6. Chida chokhulupirika.

Nsapato zikadali m'bokosi, ndi mapepala ake m'kati. Mayi a kunyumba aikapo mbale ya mabatani. Akuti bola ligwire ntchito bokosilo.

Ndamuimbira Chitsirizira. Mawu otopa, koma pakamwa sipanadwale. Nditayamba kufotokoza za ndandanda yatsopano anandidula: "Achimwene, musadzivute. Inu kuthamanga munakana ngakhale tsiku lija la galu wa aneba." Zoona. Ndinaima n'kumuuza galuyo kuti akhale pansi, chifukwa ndinali nditawerenga kuti galu amaluma wothawa. Chipsera chilipo mpaka lero kumwendo wamanzere. Iye anali kumsana kwanga, wa zaka zinayi, akuseka.

Chomwe sindikumvetsa: zoyenera kuchita ndikuzidziwa zonse, ndipo mlongo wangayu ndimamukonda. Ziwirizi ukaphatikiza zimayenera kumutulutsa munthu pakhomo. Sizikunditulutsa.

Lachitatu, 26 Febuluwale

Alamu, amuna a Chitsirizira, apita ndi lole ulendo wa masabata atatu. Kumuperekeza kuchipatala kwagwera ine. Nthawi yake ndi 6 koloko m'mawa.

Chikepe chinali chitafa. Chipinda cha makina chili pa nsanjika yachinayi. Masitepe 84, ndinawerenga. Iye pang'onopang'ono, atagwira chitsulo cham'mbali. Ine kumbuyo ndi chikwama chake: bulangete, pilo wamng'ono, botolo. Pa nsanjika yachitatu wopuma mwawefuwefu anali ine. Titafika pamwamba namwino anatiyang'ana tonse awiri, n'kukokera mpando kwa ine. "Wodwala ndi uti apa?" Anandimanga lamba pamkono. 158/98. Anthu asanu ndi atatu ali pa makina, maso onse kwa ine.

Bambo wina wachikulire wa pa mpando wa pa zenera, amene amawatcha a Wailesi chifukwa sazima, anafunsa mlongo wanga: "Obweretsa impso aja ndi awa? Mwana wanga, uyambe kuwazolowera makinawa." Chipinda chonse kuseka. Chitsirizira anabisa nkhope m'bulangete, mapewa akugwedezeka.

Kenako singano. Ziwiri, zazikulu kuposa momwe mabuku amanenera. Iye kuyang'ana kudenga, milomo ikuwerenga chinachake. Mkono wonse zipsera. Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikuwerenga za chipinda chimenechi, osalowamo.

Sindinathe kukhala. Ndinatsika n'kutuluka panja. Ntchito imayamba 8 koloko, kolowera kunalibe, ndiye ndinangozungulira nyumbayo: poimika magalimoto, kuseri kochapira zovala, pa thanki ya madzi, pa geti, n'kubwereranso. Nsapato za kuntchito, tayi pakhosi. Kanayi. Sindinakonzekere. Pa ndandanda palibepo.

Lachisanu, 28 Febuluwale

Chikepe achikonza. Iye wakwera chikepe, ine masitepe. Manyazi, osati khama.

Ndazungulira kasanu. Ulendo umodzi mphindi zisanu ndi zinayi. Zenera la chipinda chawo limayang'ana poimika magalimoto, ndipo nditakwera kukatsanzika ndinapeza kuti a Wailesi akhala akundiulutsa ngati mpira. Namwino anandibwerezera: "Uyo watulukira kuseri kwa thanki! Mimba patsogolo, mwini wake kumbuyo! Kodi afika pa geti? Wafikaaa!" Akuti Lolemba akufuna kasanu ndi kamodzi, apo ayi omvera adandaula.

Ndatulukira chinthu chimene m'mabuku anayi aja mulibe, kapena chilimo koma ndinachidumpha: ndisamadzifunse. Ndimadzuka 5 koloko chifukwa mlongo wanga akudikira pa msewu ndi chikwama. Ndikamufikitsa, ndili kale panja, nditavala kale. Funso loti "kodi ndipite?" likusowa polowera.

Lolemba, 10 Malichi

98.1. BP 142/90. Kasanu ndi kawiri.

Nsapato zatuluka m'bokosi; za kuntchito zinandichititsa matuza. Mabatani asamukira pa zenera.

Ovuta ndi masiku opanda makina. Lachiwiri lapitali ndinadzuka, ndinavala, ndinakhala pa bedi n'kuyamba kulingalira ngati thupi silifunika kupuma. Mphindi makumi anayi ndikulingalira. Mayi a kunyumba athetsa nkhaniyi mwa njira yawo: zovala zomwe asoka, wokapereka kwa makasitomala tsopano ndine, wapansi, ndisanapite kuntchito. Lachinayi diresi la mayi wa ku famase, makilomita awiri. Loweruka mayunifomu asanu ndi imodzi kuseri kwa msika. Ndikachedwa wokalipiridwa ndi iwo, ndiye sindingachedwe.

Mchere auchotsa patebulo. Ndiwo zikukoma ngati pepala. Akuti lilime limazolowera. Tiona.

Chidebe chabwera kawiri sabata ino. Chaka chino anthu akukwatirana kwambiri, zikuoneka.

Lachisanu, 14 Malichi

Mvula kuyambira m'bandakucha. Ndinasangalala, ndivomere. Ndinakhala pa benchi ya pakhomo pa chipinda chawo n'kutulutsa buku. Tsamba lisanathe, namwino anabwera ndi uthenga wa a Wailesi: bwalo likanyowa masewero amasamukira m'nyumba. Masitepe, kukwera ndi kutsika, kasanu ndi kamodzi. Ndikafika pamwamba ndizisuzumira pakhomo kuti aone nkhope. Pa ulendo womaliza anati ndikuoneka ngati buledi wogwera m'madzi.

Chitsirizira sanaseke nawo. Anandiponyera kathaulo n'kunena kuti ndikudzipha chabe.

Lachitatu, 19 Malichi

97.4. Ndatsika, koma osati monga masamu amanenera.

Ndalemba zonse zomwe ndadya masiku khumi. Cholakwa chili poyera: keke. Chidebe chabwera kasanu. Ndimati ndidye ziwiri zokha, koma ziwiri kasanu, kuphatikiza zomwe ndimatola ndikamadutsa pa kabati, zimene sindinkaziwerenga chifukwa ndimadya choimirira.

Alamu abwerako dzulo. Amati ayambirenso kuperekeza mkazi wawo. Ndawapempha kuti andisiyire. Anandiyang'ana ngati ndawapempha lole yawo.

A Wailesi lero sanaulutse kwenikweni. Nkhope yotupa, mawu ochepa. Anangoti: "Timu yathu ikukhwima." Akhala pa makina zaka zisanu ndi chimodzi. Ana awo atatu onse anayezedwa, palibe anagwirizana nawo. Anandiuza okha, akuseka.

Loweruka, 29 Malichi

Chidebe chabweranso. Ndinachisiya patebulo losokera, ndipo anatsegula ndi mayi a kunyumba. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kutola chidutswa chimodzi, kuchitembenuza ngati nsalu ya kasitomala. "Izi si zotsala," anatero. "Zaka makumi awiri ndikudula nsalu ine. Chotsala chimachokera m'mphepete, koma ichi ndi chapakati."

Sindinamvetse. Anayala pepala n'kuyamba kulumikiza. Ndinathandiza. Zidutswa khumi ndi zinayi, zodulidwa mokhotakhota. Patatha mphindi khumi, patebulo panali keke yathunthu, yozungulira, yosasowa ngakhale kachidutswa.

Ndinaimbira alamu ngati ndikungocheza, n'kufunsa za maukwati. Akuti oda yomaliza inali ya Disembala. Mlongo wanga sakutha kuima nthawi yaitali, makasitomala anawauza kuti apite kwina. Koma uvuni amayatsabe kawiri kapena katatu pa sabata, atakhala pa mpando. "Amati akuphikira inu, alamu. Amati mumakonda."

Ndiye zoona zake ndi izi. Mlongo wanga akuphika keke yathunthu, yodzaza batala ndi shuga, n'kuiduladula kuti ioneke ngati zotaya, chifukwa akudziwa kuti zotaya sindikana. Anayamba kuchulukitsa sabata yomwe sikelo inayamba kutsika. Ndafananiza masiku. Akugwirizana ndendende.

Ndakhala pakhonde masana onse. Kukwiya ndayesa, sikunatheke.

Mayi a kunyumba, akupinda tepi: "Nanga inu, a Profesa, mwezi wonse uja wa rula ndi inki, mumati unali ulesi?" Pali buku lachisanu lomwe sindinalitchule m'kope muno, lonena za opaleshoniyo. Lili pansi pa mafayilo mu kabati ya kuntchito. Tsamba la zomwe zingalakwike ndaliwerenga mwina kakhumi. Chiwerengero chake ndi chaching'ono kwambiri. Ndikudziwa kuti ndi chaching'ono. Ndimaliwerengabe.

Lolemba, 31 Malichi

Pa mpando wa pa zenera pali mayi wina wachilendo. Ndinayang'ana namwino, anangopukusa mutu. A Wailesi anatisiya Loweruka m'mawa, kunyumba kwawo.

Sindinatsike msanga. Ndinadikira singano zilowe, kuti asathawe, n'kukhala pa kampando pambali pa Chitsirizira. Ndinamuuza kuti keke ija tailumikiza. Anati sakudziwa zomwe ndikunena. Ndinamuonetsa chithunzi pa foni. Anachiyang'anitsitsa n'kunena kuti m'mbali sinapse bwino. Kenako misozi, mwakachetechete, osatha kupukuta chifukwa mkono wina uli ndi mapaipi, wina uli ndi lamba wa BP. Ndinapukuta ine ndi mpango wanga wa thukuta. Anati ukununkha.

Zomwe ananena, monga ndikukumbukira: kuti ndili ndi mkazi ndi ana awiri, kuti ndinamulera amayi atamwalira, ndipo zimenezo zakwana. "Mukadzapanda kudzuka pa tebulo paja, ine ndidzayenda bwanji ndi chiwalo chanu m'mimba?" Ankafuna ndilephere pa sikelo, kuti pasakhale wokana kapena wokanidwa.

Ndinali nditakonza manambala oti ndimuuze. Ndinawasiya. Ndinamuuza za buku la mu kabati lija, ndi kuti nanenso ndikuopa, kuyambira pa 8 Januwale, tsiku lililonse. Anandiyang'ana ngati ndayankhula chinenero china. Akuti chibadwire sanandimvepo ndikutchula mawu amenewo.

Sitinamange chilichonse. Ndinatsika. Kasanu ndi katatu. Pa ulendo wachitatu ndinayang'ana m'mwamba mwa chizolowezi. Zenera lokhalokha.

Lachinayi, 3 Epulo

Dzulo mu basi sanandiyankhule, kupita konse. Chikwama anakana kuti ndinyamule. Akhoza kukauza adokotala kuti impsoyo sakuifuna. Ufulu umenewo ali nawo, ndinawerenga. Pa zimenezi ndilibe chochita.

Ndapereka jekete la mphunzitsi wina, makilomita atatu. Chidebe sichinabwere.

Lachisanu, 11 Epulo

95.0. BP 136/86.

Chidebe chinabwera Lachiwiri. Ndinatsegula mtima uli m'mwamba. Nkhaka ndi karoti, zosemedwa ngati maluwa a pa keke ya ukwati, ndi kapepala: "Musazolowere."

Chitsirizira wapempha kuti asamukire pa mpando wa pa zenera, ndipo mayi uja wavomera kusinthana. Saulutsa. Ndikamadutsa amangokweza pilo. Lero nditakwera anati ndazungulira kasanu ndi katatu. Ine ndinawerenga kasanu ndi kanayi. Akuti ulendo womwe ndinadulira pakati pa magalimoto sauwerenga. Anaona bwino.

Loweruka ndinajomba, ndipo Lolemba pobwera kuntchito ndinadya tchipisi, choimirira, kuseri kwa basi. Ndalemba kuti zidziwike. Kale tsiku limodzi lotere likanandibwezera ku rula, kukayambiranso ndandanda Lolemba linalo. Lachiwiri ndinangonyamula masiketi atatu a kwaya n'kunyamuka.

Kuntchito mabuku a pamwamba ndikukweza ndekha. Mnzanga wa masana akuganiza kuti ndamukwiyira.

Lachiwiri, 22 Epulo

93.7. Atsala masiku asanu ndi atatu. Masamu akuti sindifika.

Ndinatsegula tsamba la njira zachidule: kusamwa madzi, kusadya tsiku lathunthu usanakwere sikelo. Munthu wofuna kupereka impso, n'kuiumitsa dala kuti anamize sikelo. Ndatseka.

Mayi a kunyumba abweza mathalauza awiri m'chiuno. Masentimita 101. Posoka, ulusi uli kukamwa: "Musaganize kuti ine sindiopa. Ndangoona kuti oopa achuluka kale m'banja muno, ndiye wina azisoka." Ndinawagwira phewa. Anati ndichoke, ndikutchinga kuwala.

Lachitatu, 30 Epulo

92.8. BP 128/82, kuyeza katatu.

Magalamu 800 otsalira. Ndinayamba kudziteteza: kuti mwezi woyamba ndinautaya, kuti mzere ukutsika bwino, mpaka ndinatulutsa pepala la manambala. Adokotala sanalilandire. Anafunsa kuti ndimayenda masiku angati pa sabata. Asanu ndi limodzi, kupatula atatu amene ndinajomba. Kuyambira liti? Masabata asanu ndi anayi. Nanga ndidzasiya liti? Ndinati zimenezo sindinaganizepo. Anati funso lawo lalikulu linali limenelo, chifukwa munthu wa impso imodzi ayenera kuisamala zaka zonse zotsala, osati mpaka pa 30 Epulo pokha.

Dzina langa likhala. Kwatsala kujambula mitsempha ndi kuonana ndi wauphungu, ndipo ndibwerenso pa 21 Meyi magalamu aja nditawasiya kunyumba. Anandikumbutsa kuti ndikhoza kukana mpaka tsiku lomaliza, popanda wina kudziwa chifukwa. Ndinati ndamva. Ndinasaina. Dzinalo ngati walemba munthu wina.

Ndinakwera kukamuuza. Anali atatsala ndi ola limodzi pa makina. Sanalire, sanathokoze. Anatseka maso nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kuyang'ana manambala a pa makina. Kenako anafunsa namwino ngati n'zoona kuti opaleshoni ikatha amakudzutsa kuti uyende m'khonde. Namwino anati eya, nonse awiri, wopereka ndi wolandira, pang'onopang'ono, mutagwira khoma.

"Ndiye mukonzeke, achimwene," anatero. "Ndidzakupitirirani ndi impso yanu yomwe."

Namwino akuti khondelo ndi mamita makumi atatu. Lachisanu ndibwereka tepi ndikaliyeze ndekha.